Phunziro la Amayi: Mlandu Ukafika ku Khoti, Tichite Chiyani?

Phunziro la mwezi uno likukhudza malo amene ambiri a ife timawaopa, ndiwo khoti. Tikupempha atsogoleri kuti aliwerenge pang'onopang'ono pagulu, ndipo ngati nthawi yachepa aligawe pamisonkhano iwiri.

Mawu oyamba

Tiyambe ndi zimene zinamuonekera mayi wina amene tinakamuchezera. Mayiyu anakongola ndalama kwa munthu wa katapila kuti alipirire mwana wake fizi ya Fomu 3. Ankabweza pang'onopang'ono ndi ndalama za mandasi, kupereka pamanja, popanda cholemba chilichonse. Pofika nthawi yokolola anali atabweza zoposa kawiri zimene anatenga, koma mwini ndalama anati chiwongoladzanja chidakalipo. Tsiku lina kunabwera samani yomuitanira ku khoti. Mayiyu anagwidwa nthumanzi poganiza kuti akamutsekera. Anaipinda samaniyo, naibisa pansi pa zitenje m'sutikesi, ndipo tsiku la mlandu analawirira kupita kwa mchemwali wake. Patapita nthawi kunafika anthu a khoti ndi galimoto, natenga mbuzi, njinga ndi mipando.

Mayiyu sanali wakuba ndipo sanali wabodza. Lilipo ngakhale lamulo, lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso. Koma khoti silinamve mbali yake chifukwa iye sanapite, ndipo analibe kapepala ngakhale kamodzi kosonyeza zimene anabweza.

Cholinga cha phunziroli n'chakuti tidziwe kuti khoti limayendera zinthu ziwiri: umboni ndi masiku. Munthu akhoza kukhala wolungama pa nkhani yake, koma n'kugonja chifukwa sanasunge umboni kapena anachedwa. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna.

1. Milandu ili m'magulu awiri

Gulu loyamba ndi milandu ya upandu, monga kuba, kuvulaza munthu, kugwiririra ndi kupha. Pa milandu imeneyi boma ndilo limaimba munthu mlandu, ndipo wopezeka wolakwa amapita kundende kapena kulipira chindapusa.

Gulu lachiwiri, limene tikuphunzira lero, ndi milandu ya pakati pa munthu ndi mnzake. Muno muli ngongole, mikangano ya malo, kutha kwa banja, chithandizo cha ana, chuma cha masiye, kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo ndi chipepeso cha ngozi. Amene walakwiridwa ndiye amayambitsa yekha mlandu. Akapanda kutero palibe amene angamuyambitsire. Cholinga cha khoti pa milandu yotere ndi kubwezera munthu chimene chili chake. Wodandaulidwa akhoza kukhala munthu, kampani, ngakhalenso boma.

Nkhani imodzi ikhoza kubala milandu yonse iwiri. Ife amene tinagwirapo ntchito m'zipatala tinaona anthu ambiri ovulala pa ngozi ya minibasi akudikira kuti mlandu wa dalaivala ukatha adzalandira kanthu. Sankadziwa kuti chindapusa chimene dalaivala amalipira chimapita ku boma. Wovulalayo ayenera kuyambitsa dandaulo lake payekha, lofuna chipepeso kwa mwini galimoto ndi kampani yake ya inshuwalansi.

Tidziwenso kuti gawo 19 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994 limaletsa kuika munthu m'ndende chifukwa chongolephera kukwaniritsa pangano, monga kubweza ngongole. Mayi uja ankaopa chinthu chimene kunalibe. Komanso si ntchito ya apolisi kutolera anthu ngongole. Chimene chingaike munthu m'mavuto ndi kunyozera dala lamulo limene khoti lapereka.

2. Makwerero a makhoti athu

Tonse timadziwa mmene zipatala zimayendera. Wodwala amayambira pachipatala chaching'ono cha kwawo. Zikakanika amamutumiza kuchipatala cha pa boma, ndipo zikakanikanso amapita ku chipatala chachikulu ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Makhoti nawonso ali ndi makwerero otero.

Pansi pali makhoti a majisitireti, amene amapezeka m'maboma onse. Milandu yambiri ya ife anthu wamba imayambira kumeneko: ngongole zocheperapo, maukwati a kwa ankhoswe ndi chithandizo cha ana. Amajisitireti ali ndi magiredi, ndipo giredi iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingaweruze. Kalaliki wa pakhoti adzakuuzani ngati nkhani yanu ili yoyenera pamenepo. Amayi achikulire akukumbukira makhoti a mafumu a nthawi ya Kamuzu Banda, kumene maloya sankaloledwa kuimira munthu. Makhoti amenewo anatha dziko litalowa mu ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994, ndipo milandu yake inapita kwa amajisitireti.

Pamlingo womwewo pali khoti loona za pantchito, la Industrial Relations Court, limene linakhazikitsidwa motsatira lamulo la 1996. Wochotsedwa ntchito popanda kumumva, kapena womanidwa malipiro ake, amadandaula kumeneko.

Pamwamba pa amenewa pali Khoti Lalikulu, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Limamva milandu ikuluikulu kuyambira pachiyambi, ndiponso limamva ma apilo ochokera kwa amajisitireti. Mu 2016 khotili linagawidwa m'nthambi, ndipo ina mwa nthambizo ndi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye.

Pamwamba penipeni pali Khoti la Apilo, la Supreme Court of Appeal. Kumeneko mlandu umamvedwa ndi majaji osachepera 3, ndipo chiwerengero chawo chimakhala chosagawika pawiri, monga 3, 5 kapena 7, kuti asalingane pogamula. Likagamula khoti limeneli nkhani yathera pomwepo. Tisaiwale kuti mpando wa mkulu wa majaji onse m'dziko muno unakhalapo m'manja mwa mayi, Anastasia Msosa, kuyambira 2013 mpaka 2015. Khoti si malo a abambo okha ayi.

3. Tisanapite ku khoti

Si nkhani iliyonse yoyenera kuthamangira nayo ku khoti. Khoti limadya nthawi, limadya ndalama zoyendera, ndipo kawirikawiri limasiya chibale chitasweka. N'chifukwa chake timayamba ndi ankhoswe, akuluakulu a banja, atsogoleri a mpingo, anyakwawa ndi agulupu. Pa nkhani ya malo a makolo, lamulo la 2016 linakonza kuti mikangano iziyambira m'mabwalo apadera a m'dera la mfumu yaikulu. Mukagwirizana pa zokambirana zotere, lembani zimene mwapanganazo, onse asaine, ndi mboni zomwe. Pepala limenelo lidzakuthandizani wina akadzasintha mawu.

Ena amati mayi wa mpingo sayenera kuponda ku khoti. Zoona, kuyanjana ndiko koyamba. Koma kuyankha samani si ndewu, ndipo kuteteza nyumba ya ana amasiye si kukonda milandu. Ndiponso pamene pali nkhanza zoika moyo pachiswe tisataye nthawi ndi zokambirana. Lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006 limalola munthu kukapempha ku khoti chikalata chomuteteza.

Chenjezo lalikulu ndi ili. Kumudzi timati mlandu suola, koma ku khoti mlandu umatha nthawi. Lamulo limapereka zaka 6 zoti munthu ayambitse mlandu wa ngongole kapena pangano losweka, zaka 3 pa chipepeso cha kuvulala chifukwa cha kusasamala kwa wina, ndi zaka 12 pofuna kubwezeredwa malo. Zakazi zikadutsa, winayo akhoza kungouza khoti kuti mwachedwa, ndipo nkhani yanu, ngakhale ikhale yoona, n'kugwera pomwepo. Tsono pamene mukukambirana kwa ankhoswe kapena kwa mfumu, muziwerenganso zaka.

4. Kuyambitsa mlandu ndi kulandira samani

Wodandaula amapita ku ofesi ya khoti la majisitireti nafotokozera kalaliki nkhani yake. Amalipira ndalama yoikika, ndipo pa ndalama iliyonse ayenera kulandira lisiti la boma. Khoti limatulutsa samani yonena amene akudandaula, chimene akufuna, ndi zimene woitanidwa ayenera kuchita. Mlandu uliwonse uli ndi nambala yake. Ilembeni nambalayo m'kabuku, pakuti popanda iyo n'kovuta kupeza failo yanu, monga mmene zimavutira kuchipatala munthu akataya buku lake.

Ngati ndinu amene mwalandira samani, chitani izi. Lembani tsiku limene mwailandira. Iwerengeni yonse tsiku lomwelo, ndipo ngati ili m'Chingelezi pezani munthu wokhulupirika akuwerengereni. Onani masiku amene mwapatsidwa. Pa samani ya ku Khoti Lalikulu munthu amapatsidwa masiku 28 oti apereke yankho lake lolembedwa. Musakane kuilandira, musaing'ambe, musaibise. Kukana samani sikuimitsa mlandu. Kumangochititsa kuti uweruzidwe inu kulibe, ndipo khoti likamva mbali imodzi limagamula mokomera mbali imeneyo.

Ngati mwadwala kapena kwagwa maliro patsiku la mlandu, tumizani uthenga ku khoti, ndipo sungani umboni wake monga buku la kuchipatala. Ngati ngongoleyo mukuivomera, pitanibe mukanene, ndipo mukapemphe kuti muzibweza pang'onopang'ono monga mmene mungathere.

Ku Khoti Lalikulu, malamulo a kayendetsedwe ka milandu amene anayamba kugwira ntchito mu 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yapita kwa jaji ngati mkhalapakati, kuti mbali ziwirizo ziyese kumvana mlandu usanazengedwe. Choncho ngakhale khoti lenilenilo limalemekeza kukambirana.

5. Tsiku lozenga mlandu

Fikani molawirira, mutanyamula mapepala anu ndi mboni zanu. Wodandaula ndiye amayamba kulankhula atalumbira, kenako winayo amamufunsa mafunso. Mboni zake zimachitanso chimodzimodzi. Zikatha, woyankha mlandu naye amafotokoza mbali yake ndi kufunsidwa. Imene ija ndi nthawi yofunsa mafunso, si yokangana. Ngati simunamve funso, nenani kuti alibwereze. Zolemba za khoti zimakhala m'Chingelezi, koma pamakhala womasulira, ndipo muli ndi ufulu wolankhula chinenero chanu. Mukaona kuti mawu anu sanamasuliridwe bwino, pemphani mwaulemu kuti mubwereze.

Amene akunena chinthu ndiye ayenera kuchitsimikiza. Pa milandu ya upandu boma liyenera kutsimikiza popanda chikaiko. Pa milandu ya pakati pa anthu woweruza amachita ngati woyeza pasikelo: amaika umboni wa uyu mbali ino, wa uyo mbali inayo, naona kumene kwalemera. Misozi ndi mbiri yabwino ya munthu sizilemera kwenikweni pa sikelo imeneyi. Zimene zimalemera ndi izi: malisiti, kalata ya pangano, buku la banki mkhonde, mauthenga a pafoni osonyeza ndalama zotumizidwa pa Mpamba kapena Airtel Money, mtchatho wa ukwati, lipoti la kuchipatala, mapepala a malo, ndi mboni imene inaona ndi maso ake. Mboni yongoti "ndinamva kwa uje" siithandiza. Mayi wa mandasi uja akanakhala ndi kope la sukulu lolembamo tsiku ndi ndalama, mwini ngongole n'kumasaina nthawi iliyonse, mbuzi zake zikanakhala zili m'khola.

Chitani fotokope mapepala onse ofunika, ndipo ena muwasungitse kwa munthu wodalirika. Milandu imaimitsidwa kawirikawiri, mwina woweruza wachoka, mwina winayo sanabwere. Zimatopetsa, koma musaleke kupita, pakuti wodandaula akamajomba mlandu wake umachotsedwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi iliyonse musanachoke, funsani tsiku lotsatira ndi kulilemba.

Chofunika koposa n'chakuti munene zonse ndi kupereka umboni wonse ku khoti loyambali. Musasunge kanthu kuti mudzakanene kutsogolo. Chifukwa chake tichiona pa mutu wa apilo.

6. Chigamulo chikaperekedwa

Lembani tsiku la chigamulo, chifukwa kuyambira tsiku limenelo masiku a apilo ayamba kuwerengedwa. Pemphani chigamulocho cholembedwa, kuti amene mukamufunse nzeru akaone zifukwa zimene woweruza wapereka.

Kupambana mlandu si kulandira ndalama. Ngati wogonja sakulipira, wopambana ayenera kubwereranso ku khoti kukapempha kuti chigamulo chikwaniritsidwe. Khoti likhoza kutuma masherifu kukalanda katundu ndi kumugulitsa, kapena kulamula kuti ndalama zitengedwe ku banki kapena kumalipiro a munthuyo. Musapite nokha ndi achibale kukatenga katundu wa mnzanu, mungasanduke wolakwa ndinu. Masherifu akabwera kwa inu, pemphani kuona chikalata cha khoti, lembani katundu yense amene atenga, musalimbane nawo, ndipo thamangirani ku khoti limene lawatuma.

Kwa amene anaweruzidwa iye kulibe, njira yoyamba si apilo. Abwerere ku khoti lomwelo kukapempha kuti chigamulo chichotsedwe ndipo mlandu umvedwenso. Ayenera kufotokoza chimene chinamulepheretsa kubwera, ndi kusonyeza kuti ali ndi yankho lomveka pa mlanduwo. Izinso zimafuna changu.

7. Apilo

Woweruza ndi munthu, ndipo akhoza kulakwitsa. Apilo ndi pempho lopita ku khoti lapamwamba kuti liunikenso chigamulo cha khoti la pansi. Kuchita apilo si mwano kwa woweruza. Ndi njira imene malamulo anaika.

Choyamba, masiku ake ndi ochepa. Kuchokera kwa majisitireti kupita ku Khoti Lalikulu, chidziwitso cha apilo chiperekedwe pasanathe masiku 14. Kuchokera ku khoti la za pantchito ndi masiku 30, ndipo apilo yake imakhala pa mfundo za malamulo zokha. Kuchokera ku Khoti Lalikulu kupita ku Khoti la Apilo ndi masabata 6 ngati chigamulo chili chomaliza, koma masiku 14 okha ngati ndi lamulo loperekedwa mlandu uli mkati. Taganizani, amayi: masiku 14 ndi Masabata awiri okha a kutchalitchi. Munthu akati ayambe wadikira achimwene abwere kuchokera ku Johannesburg, kapena ayambe wagulitsa fodya, nthawi yatha. Wochedwa akhoza kupempha khoti kuti limuonjezere masiku, koma ayenera kupereka chifukwa chomveka ndi kusonyeza kuti apilo yake ili ndi mutu. Khoti likhoza kukana.

Chachiwiri, apilo imafuna zifukwa. Kungoti "sindinakhutire" sikokwanira. Muyenera kuloza pamene panalakwika: mwina woweruza anagwiritsa ntchito lamulo molakwa, mwina sanalabadire umboni wofunika umene unaperekedwa, mwina sanakupatseni mpata wolankhula kapena woitana mboni, mwina nkhaniyo inali yopitirira mphamvu za khoti lake, mwinanso ndalama zimene analamula n'zochuluka kapena zochepa mopanda maziko. Apa mpamene thandizo la wodziwa malamulo limafunika kwambiri.

Chachitatu, apilo si kuyambiranso mlandu. Pamenepa fanizo lathu la chipatala likusiyana. Kuchipatala chachikulu dokotala amamuyezanso wodwala. Ku khoti la apilo jaji amawerenga failo yochokera pansi, momwe muli zonse zimene mboni zinanena, namva mfundo za mbali ziwiri. Mboni siziitanidwanso, ndipo umboni watsopano umaloledwa mwa apo ndi apo, makamaka ngati sukanatheka kupezeka poyamba. Jaji wa apilo safulumiranso kutsutsa woweruza woyamba pa nkhani yakuti mboni iti inanena zoona, chifukwa woyambayo ndiye anaziona ndi kuzimva. Chimene simunanene pansi, pamwamba sichidzapezeka. Muzikafunsanso ku ofesi ya khoti ngati failo yakonzedwa ndi kutumizidwa, pakuti ma apilo ambiri amagona chifukwa cha failo.

Chachinayi, kuchita apilo pakokha sikuimitsa chigamulo. Masherifu akhoza kubwera apilo ili m'njira. Pamafunika pempho lapadera lakuti chigamulo chiyambe chaima mpaka apilo itamvedwa.

Chachisanu, apilo ili ndi mtengo wake. Khoti lapamwamba likhoza kuvomereza chigamulo choyamba, kuchisintha pena, kuchifafaniza, kapena kulamula kuti mlandu uzengedwenso. Wogonja kawirikawiri amalamulidwa kulipira ndalama zimene mnzake waononga pa mlanduwo. Ndiponso mlandu umene unayambira kwa majisitireti n'kumvedwa kale pa apilo ku Khoti Lalikulu umafuna chilolezo kuti upitirire ku Khoti la Apilo. Tisachite apilo chifukwa cha mkwiyo chabe.

8. Milandu iwiri imene tonse tikuikumbukira

Ambiri a ife tinkamvera pawailesi mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Sitikuutchula chifukwa cha ndale, koma chifukwa umaonetsa bwino makwerero onse. Saulos Chilima ndi Lazarus Chakwera anakadandaula ku Khoti Lalikulu. Popeza nkhaniyo inkakhudza Malamulo Oyendetsera Dziko, inamvedwa ndi majaji 5 ku Lilongwe. Kwa miyezi ingapo mboni zinkalankhula ndi kufunsidwa, ndipo umboni waukulu unali mapepala a zotsatira, ena mwa iwo ofufutidwa ndi Tippex. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti linafafaniza chisankhocho ndi kulamula kuti chichitikenso pasanathe masiku 150. Peter Mutharika ndi bungwe loyendetsa zisankho anachita apilo. Anapemphanso kuti chigamulo chiyambe chaima, koma khoti linakana. Ku Khoti la Apilo kunakhala majaji 7, ndipo sitinamvenso mboni, koma maloya okha akutsutsana pa mfundo. Pa 8 Meyi 2020 khotilo linavomereza kuti chisankho chichitikenso, ndipo chinachitikadi pa 23 Juni 2020. Njira imene anayenda atsogoleriwa ndi yomweyo imene angayende mayi wa kumudzi: umboni pansi, mfundo pamwamba, ndipo zonse m'masiku ake.

Mlandu wachiwiri ndi wa amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu m'boma la Lilongwe, amene anachitidwa nkhanza zogwiriridwa ndi apolisi ena mu Okutobala 2019. Bungwe la maloya achizimayi, la Women Lawyers Association, linawaimira ku Khoti Lalikulu. Mu Ogasiti 2020 jaji Kenyatta Nyirenda anagamula kuti amayiwo apatsidwe chipepeso. Anali amayi a kumudzi ngati ife, ndipo amene ankalimbana naye anali boma. Anamvedwa chifukwa analimba mtima kulankhula ndipo anapeza owathandiza.

9. Malamulo amene mayi aliyense awadziwe

Gawo 41 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wopita ku khoti. Gawo 24 limati banja likatha, mayi ayenera kugawiridwa mwachilungamo katundu amene anali wa awiriwo. Lamulo la maukwati la 2015 limafotokoza za kutha kwa banja ndi kagawidwe ka katundu. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limati kholo lililonse lili ndi udindo wosamalira mwana wake, kaya makolowo anakwatirana kaya ayi. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo limati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu wa upandu. Choncho mayi wamasiye wolandidwa katundu akhoza kukanena kupolisi, komanso kukapempha khoti kuti katunduyo abwezedwe. Tilimbikitsanenso kulemba wilo tidakali moyo, ife ndi amuna athu.

10. Kumene tingapeze thandizo

Ku khoti la majisitireti munthu akhoza kudziimira yekha popanda loya, ndipo ambiri amatero. Kwa amene sangathe kulipira loya, boma lili ndi bungwe la Legal Aid Bureau, limene linayamba ntchito mu 2015 ndipo lili ndi maofesi m'mizinda yathu ndi m'maboma ena. Alipo mabungwe monga Women Lawyers Association ndi WLSA amene amathandiza amayi. Ofesi ya za chisamaliro cha anthu pa boma imathandiza pa nkhani za ana, ndipo ofesi ya DC imalangiza pa za chuma cha masiye. Ngati dandaulo lanu lili pa ofesi ya boma imene yakuchitirani zosalungama, kuli ofesi ya Ombudsman.

Chenjerani ndi anthu oyendayenda pabwalo la khoti amene amati amadziwana ndi woweruza ndipo mukawapatsa kangachepe zinthu ziyenda. Kupereka chiphuphu ndi mlandu, kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Zotere zikanenedwe ku Anti-Corruption Bureau. Safunsa anadya phula, koma tifunse m'maofesi oyenera.

Mafunso okambirana

1. Kodi milandu ya upandu ikusiyana bwanji ndi milandu ya pakati pa anthu? Perekani zitsanzo za m'dera lanu, osatchula maina.

2. Mayi wa mandasi uja analakwitsa pati? Akanabwera pagulu lanu tsiku limene analandira samani, mukanamulangiza zotani?

3. N'chifukwa chiyani tiyenera kupereka umboni wonse ku khoti loyamba?

4. Mnzathu wagonja mlandu kwa majisitireti Lachitatu lapitali ndipo akukhulupirira kuti sanamvedwe bwino. Watsala ndi masiku angati? Achite chiyani mawa?

5. Ndi nkhani ziti zoyenera kuthera kwa ankhoswe ndi mafumu, ndipo ndi ziti zosayenera kuchedwetsedwa?

Zoti tichite mwezi uno

Mayi aliyense apeze envulopu kapena jumbo yolimba, aikemo mtchatho wa ukwati, makalata a kubadwa kwa ana, mapepala a malo ndi malisiti a katundu wamkulu. Aliyense amene ali ndi ngongole, kaya anakongola kaya anakongoza, ayambe kulemba m'kope ndi kusainirana. Gulu lililonse lisankhe amayi awiri odziwa kuwerenga kuti akafufuze kumene kuli khoti la majisitireti ndi ofesi ya Legal Aid Bureau yapafupi, adzafotokoze pamsonkhano wotsatira. Ndipo tipangane kuti mnzathu akalandira samani asadzaibise, koma adzaibweretse tsiku lomwelo, ndipo patsiku la mlandu mmodzi wa ife adzamuperekeze. Mutu umodzi susenza denga.

Mwezi wamawa tidzaphunzira za kalembedwe ka wilo. Mpaka nthawi imeneyo, tsalani bwino, amayi.